Chidindo cha a Miti

"Chidindo changa sichingagwe pa zinyalala zotere! Ndakana, ndipo ine ndikakana ndakana."

A Abednego Miti, mlembi wa mpingo ku Chiparamba, ananyamula mapepala khumi ndi asanu ndi awiri ndi zala ziwiri zokha, ngati munthu wogwira khoswe wakufa kumchira. Mwana wawo Dainess anali atagwada pafupi ndi chitseko, zala zili bii ndi inki.

"Atate, si zinyalala. Ndi mayankho."

"Mayankho? Amake Dainess, tabwerani mudzaone mayankho! Apa pafufutidwa. Apa padutsa nkhuku. Apa muvi ukuloza kuseri kwa pepala, ukafika kuseriko muvi wina ukukubweza. Ine ndinagwira ukalaliki ku Wankie zaka zisanu ndi chimodzi, ku Bulawayo zinayi, ku Beira ndinawalembera Apwitikizi mpaka analira pondiperekeza. Palibe anapezapo dontho la inki pa pepala langa. Bwana wina ku Wankie ankatenga kalata zanga kukaonetsa dona wake pa tiyi."

"Tinamva, a Miti," anayankha mayi Ketilina ali pakhonde, osasiya kuswa mtedza. "Donayo tinafika pomudziwa ngati mnansi."

Chinali chaka cha 1961, mwezi wa Juni, mphepo ikulowa m'mafupa. Komiti ina ya maphunziro ku Lusaka inali italengeza kuti idzatumiza mwana mmodzi wa chigawo cha kum'mawa kukaphunzira masamu ku yunivesite ya ku Halale. Mmodzi yekha. Ofuna malowo analandira pa positi mafunso asanu ndi limodzi oti alimbane nawo masabata atatu kunyumba, kenako mlembi wa mpingo adinde chidindo chochitira umboni kuti mwanayo walemba yekha. Wopitirira zaka makumi awiri ndi chimodzi sankaloledwa, ndipo Dainess ankakwanitsa zakazo mu Okutobala. Mwayi unali womwewo, wina kunalibe.

Mtsikanayu ankaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ya mishoni, koma masamu akuluakulu anawaphunzira yekha kudzera m'makalata. Anali munthu wa maloto. Ena akamaona mizere ya fodya, iye ankaona mizere yosakumana mpaka kalekale. Ena akamadandaula kuti ndowa ikudontha, iye ankawerenga madontho n'kudziwa nthawi imene idzaphwe, n'kuiwala kuimata.

"Ndipo ili," anapitiriza a Miti, akusolola pepala limodzi, "ili ndiye landidwalitsa mutu. Funso lachisanu. Akuti chiyani?"

"Akuti tisonyeze kuti pa msonkhano uliwonse, anthu akamagwirana chanza, sipalephera kupezeka anthu awiri amene agwira manja ochuluka mofanana."

"Ndiye iwe wayamba bwanji? Wawerenga wekha zimene walembazi? Wati: tiyerekeze kuti palibe awiri ofanana. Pansi apa wati: choncho alipo. Pamwamba palibe, pansi alipo! Pepala limodzi malilime awiri!"

Nkhope ya Dainess inawala. Yankho limeneli linamupeza pakhomo la tchalitchi Lamulungu lina, anthu akutuluka n'kumapatsana moni, ndipo analikonda kuposa ena onse.

"Atate, tamverani, n'zokoma. Tinene kuti anthu alipo khumi. Munthu sadzigwira chanza yekha, ndiye wochulukitsa agwira anzake asanu ndi anayi, wochepetsa sagwira aliyense. Kuyambira pa wosagwira aliyense kukafika pa wogwira asanu ndi anayi, malo alipo khumi. Anthunso ndi khumi. Ngati palibe awiri ofanana, aliyense akhala pamalo pakepake, malo onse adzaza. Ndiye kuti pali wina amene wagwira onse, palinso wina amene sanagwire aliyense. Koma wogwira onse uja wagwira bwanji onse, pamene mnzakeyo manja ali m'thumba? Sizingatheke. Choncho choyerekeza chija chagwa, zoona zatsala poyera."

"Ndiye kuti unalemba chinthu ukudziwa kuti n'chabodza."

"Ndinachiimika kuti ndichigwetse, atate."

"Lamulo la Mulungu lachisanu ndi chinayi likuti chiyani pa za umboni wonama?"

"Ine ndamva," analowerera mayi Ketilina, amene sanapondepo m'kalasi. "Zili ngati mbuzi ija inasowa chaka chatha. Ndinati, tinene kuti yagwidwa ndi fisi, nanga magazi ali kuti? Magazi panalibe. Ndiye si fisi. Sinakapezeke m'khola la alamu anu?"

"Amake Dainess, za mbuzi zisalowe m'nkhani za yunivesite. Inu simudziwa mmene azungu amaonera pepala. Amayamba aona dzanja, asanaone mutu. Akaona zofufutafufutazi adzati, taonani anthu akuda, ngakhale mzere sangathe kuwongola. Mukufuna dzina la Miti likasekedwe ku Lusaka?"

"Iwo alemba kuti tionetse njira yonse," anatero Dainess motsitsa mawu.

"Njira! Munthu akakutuma ku Boma, ukabwera umamupatsa katundu wake kapena umamufotokozera miyala yonse imene unakhumudwa nayo? Mawu a akulu amakoma akagonera, mwana iwe."

Anakangana mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unafika pankhokwe. Kenako a Miti anasisita chibwano. Anasonkhanitsa mapepala aja, nawalowetsa m'chikwama chawo chachikopa chimene anagula ku Beira.

"Chabwino. Mkucha ndipita ku Boma. Ndidinda, nditumiza."

Dainess anaomba m'manja mwaulemu. Chimwemwe chinamutseka maso, osadzifunsa kuti bwanji mkucha, pamene njinga inali yabwinobwino ndipo mawa kunalibe maliro.

Masabata atatu otsatira Dainess ankayenda ngati mapazi sakugunda pansi. Amene anayendapo dziko amadziwa kuti mapiri ozungulira Foti Jemusoni m'nyengo yozizira alibe anzake. A ku Umtali ndi aatali, inde, koma sadziwa kuvala utsi wa lupsa mmene amavalira athuwa, ngati mkwatibwi wamanyazi. Dainess ankawayang'ana popita kusukulu, n'kumaona kuseri kwake msewu wa ku Lusaka, mlatho wa Luangwa, sitima ya pamtunda imene anali asanaionepo, kenako chipinda chachikulu chokhala ndi bolodi lochokera kukhoma kufika kukhoma. M'maloto akewo bolodilo silinkatha. Ankalemba, nalemba, choko osafupika, ndipo panalibe womuuza kuti afufute.

Ana a Sitandade 2 anazolowera kuona aphunzitsi awo ataima pawindo, choko chili m'mwamba, akumwetulira okha. Kumjigo amayi ankamudumpha pamzere iye osazindikira.

"Iwe, udzagwera m'chitsime ndi Halale wakoyo," ankatero mayi Ketilina. Koma iwo omwe anali atayamba kale kumusokera diresi la buluu, mobisa, kuopa kuti anthu angati akudyeratu za m'tsogolo.

Kalata inafika Lachitatu masana, m'thumba la makalata a mpingo. A Miti anaibweretsa okha, akuyenda ngati abusa pa tsiku la ubatizo.

"Yolemera chonchi si yokana ayi. Yokana imakhala yopyapyala. Ine makalata ndimawadziwa ndisanawatsegule. Tsegula, uwerenge mokweza, amako amve."

Dainess anang'amba envulopu. Munatuluka kalata yaifupi, ndi mapepala awiri oyera mbee, olembedwa ndi dzanja lokongola ngati la pa satifiketi ya ukwati. Zilembo zinapendekera mbali imodzi ngati mapira pamphepo. Panalibe dontho. Pa funso lililonse panali mzere umodzi kapena iwiri. Pa funso lachisanu panangolembedwa m'Chingelezi chosalala kuti: Inde, zimenezi n'zoona. Pansi pake panali chidindo cha mpingo, chowongoka bwino.

Dainess anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali. Dzanja limenelo ankalidziwa. Linali m'Baibulo la m'nyumbamo, pamene panalembedwa tsiku lake lobadwa.

"Werenga, kodi wameza lilime?"

Anawerenga, akumasulira amake. A komiti anati mayankho onse asanu ndi limodzi ndi olondola, ndipo mwa ana makumi anayi amene analemba, awiri okha ndi amene anafika pamenepo. Koma mayankho opanda njira sangawalandire, chifukwa iwo akufuna kuona mmene munthu amaganizira. Chinanso, dzanja la pa mapepalawa silikufanana ndi la pa kalata yofunsira malo. Ngati Dainess ali nawo mapepala enieni amene analembapo poyamba, awatumize pasanathe masiku khumi, makamaka la funso lachisanu, poti ndi limene lidzalekanitse awiriwo. Akapanda kutero, malo apita kwa mnzakeyo.

Panja nkhuku inatetera.

"Atate, mapepala anga ali kuti?"

"Ndinakukonzera! Tsiku lathunthu ndinakhala m'chipinda cha akulu ampingo, msana kuwawa, kukusankhira mpunga m'mankhusu. Mwana wina akanandigwadira."

"Mapepala anga ali kuti, atate?"

"Usandifunse ngati wapolisi. Anthu a ku Lusakawa ndi anyamata a dzulo, sadziwa ntchito yabwino."

"A Miti," anatero mayi Ketilina, ataika pansi lichero, "chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwatumiza mkuyu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala chete mukuwongola zonse m'nyumba muno. Munawongola dzina langa, munawongola mayendedwe anga, ngakhale nyimbo ndikamaimba mumaiwongola. Koma mutu wa mwanayu munaufunsa? Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

"Ine ndinachotsa bodza!"

Dainess sanakweze mawu. Anali chigwadire, koma maso anawadzutsa, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa atate ake.

"Atate, ndiloleni ndiyerekeze kamodzi kokha. Tiyerekeze kuti chidindo chanu chanena zoona. Chidindocho chikuti mapepala awa ndalemba ine ndekha. Ngati ndalemba ine, dzanja ndi langa. Koma dzanja ili ndi lanu. Ndiye choyerekeza chija chagwa."

A Miti, munthu amene anayankhapo Mpwitikizi woledzera padoko la Beira mpaka kumukhalitsa pansi, anatenga pepala limodzi loyera lija, nayang'ana chidindo chawo ngati akuchiona koyamba.

"Ali kwa Andireya," anatero potsiriza. "Kukomboni ya Nabvutika, ku Boma. Ndinamupatsa kuti azikulungira mchere."

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku Boma, a Miti atavala suti yawo yakuda ndi chipewa, Dainess ali pakaliyala. Fumbi lofiira linkakwera m'miyendo ya thalauzi, ndipo kwa nthawi yoyamba a Miti sanaime kuti alikunthe.

Andireya anali mwana wa mlongo wa a Miti, mwini kagolosale ka malata pakati pa komboni. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Malume! Ndiye kuti yunivesite yonse yakhala pansi pa thumba langa la mchere? Mukananena, bwenzi ndikukweza mtengo!"

"Andireya, tulutsa mapepala."

Mwayi unalipo. Andireya ankayamba wagwiritsa ntchito nyuzipepala zakale, choncho mapepala khumi ndi awiri anali chikhalire pansi pa mulu, onyowa ndi mchere, ena atadonthedwa palafini. Dainess anawapukuta ndi chitenje chake limodzilimodzi ngati akusambitsa khanda.

"Atatu anatenga a Monika ophika zitumbuwa," anatero Andireya. "Sanakulungire kanthu. Anangowakonda."

Anawapeza atamatidwa ndi phala pakhoma la chipinda cha a Monika, pakati pa chithunzi cha m'kalendala ndi galasi losweka. Anali mapepala a funso lachitatu, odzaza ndi zozungulira zolowana ndi mizere yozidula.

"Ndimati ndi maluwa," anatero a Monika. "Alendo onse amandifunsa kuti wajambula ndani. Kodi ndiwe, mwanawe? Dzanja lako lili ndi moyo."

A Miti anayang'ana pansi. Anavula jekete, napempha madzi ofunda ndi mpeni, nayamba kumatula okha mapepalawo pang'onopang'ono, thukuta likugwera pakolala. Ana a m'komboni anaunjikana pakhomo kudzaona mdala wa tayi akukanda khoma.

Lina analipeza kwa nkhalamba ina yosoka nsapato, imene inali itang'ambako kale mbali yopichirira fodya. Nkhalambayo inati pepalalo linkakoka bwino kuposa nyuzipepala, ndipo inapereka chotsalacho monyinyirika. Dainess anayang'ana utsi ukukwera kuchokera pakamwa pake, naganiza kuti theka la funso lachiwiri likuuluka pamwamba pa madenga a Nabvutika, kulowera ku Lusaka palokha.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, nawerenga. Khumi ndi asanu ndi limodzi. Anawerenganso. La funso lachisanu panalibe.

"Tibwerere kwa Andireya, atate. Mwina akumbukira wina. Tifunse nyumba ndi nyumba, dzuwa likadalipo."

A Miti sanadzuke. Ankazunguza chipewa m'manja.

"Khala pansi, Dainess."

"Atate, nthawi."

"Limenelo sindinamupatse Andireya. Ndinati pepala loyamba ndi bodza silingakulunge chakudya cha anthu. Ndinaliotcha kuseri kwa tchalitchi."

Phokoso la msika linapita kutali. Dainess anaona bolodi lake lalitali lija, lochokera kukhoma kufika kukhoma, ndipo wina anali kulifufuta kuyambira kumapeto, mosafulumira.

"Koma tamvera," anatero a Miti, akusendera pafupi, mawu atatsika. "Ine ndayenda, njira ndimazidziwa. Yankho lija ukulikumbukira lonse. Tigula pepala kwa Mmwenye, ulembenso, ufufutefufute monga muja. Tikatero tilipaka mchere ndi palafini, tiliyanika padzuwa, tilipondaponda. Lifanana ndi anzakewa. Ndani adzadziwe? Maganizo ndi ako ndithu, sitikuba kanthu."

Dainess anawayang'ana. Munthu amene moyo wake wonse sanalole dontho pa pepala anali kupempha kuti adetse pepala ndi manja ake. Ndipo zinali zotheka. Sitolo ya Mmwenye inali apo, kutsidya kwa msewu. Yankho linali m'mutu mwake lonse, mzere ndi mzere, ngakhale pamene anaphonya n'kubwerera. Ola limodzi lokha, ndipo sitima ija ikanaimanso pa siteshoni kumudikira. Anaimva ikulira. Anamva ngakhale fungo la choko.

"Ndipo pansi pake mudinda chidindo," anatero.

"Ndidinda."

"Chonena kuti ili ndi pepala limene ndinalemba mu Juni."

A Miti anazunguzanso chipewa chija.

"Atate, bodza langa lija ndinaliimika poyera, aliyense akuona, ndipo ndinaligwetsa ndekha pepala lisanathe. Ili mukunenali tikaliimika, silidzagwa. Ndidzakwera nalo sitima, ndidzagona nalo, ndidzalandira nalo digiri. Tsiku lililonse ndikaima pabolodi kunena kuti ichi n'choona, lidzakhala lili kumbuyo kwanga."

"Ndiye utaya malo chifukwa cha pepala limodzi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga."

"Ndilembanso yankholo, koma pamwamba ndilemba tsiku la lero. Inu mulembe kalata yonena zimene zinachitika. Zonse. Akakhulupirira, akhulupirira zoona."

Anapita ku positi ofesi. Pa shelefu yolemberapo, ataimirira pakati pa amesenjala ndi asilikali opuma, a Abednego Miti analemba kalata yovuta kuposa zonse za ku Wankie, Bulawayo ndi Beira. Pa mawu akuti ndinaotcha, peni inaima, inki inadontha, dontho lalikulu ngati nyemba. Mwachizolowezi anatambasula dzanja kuti atenge pepala lina. Kenako analibweza, napitiriza kulemba pansi pa donthopo.

Yankho linabwera patatha masabata awiri, ndipo linali lopyapyala. A komiti anathokoza a Miti chifukwa chonena zoona. Anati mapepala amchere aja anawawerenga onse ndi chidwi chachikulu, ndipo sakukayika kuti Dainess ali ndi mutu wa masamu. Koma yankho la funso lachisanu lolembedwa patapita mwezi sakanaliyerekeza ndi la mnzake amene analemba m'nthawi yake. Malo anapita kwa mnyamata wa ku Petauke.

Mayi Ketilina anapinda diresi la buluu lija, lopanda mkono umodzi, naliika pansi pa bokosi. Sanalire pamaso pa anthu. Anangoti, "Madzi akatayika saoleka," natuluka kukaswa mtedza umene unali utaswedwa kale.

Loweruka a Miti anapita kubwalo la akulu ampingo, palibe amene anawaitana. Anafotokoza okha kuti chidindo cha mpingo chinachitira umboni wonama ndi dzanja lawo, nachiika pathebulo pamodzi ndi kabokosi kake ka inki. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira Chiparamba yense, mpaka kumafamu a fodya.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi. A Miti sanakhale kutsogolo pampando wa mlembi. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo nyimbo yomaliza isanathe anatuluka, nakaima pansi pa mtengo wa bulugamu, manja ali m'thumba la jekete.

Anthu anatuluka, nayamba kupatsana moni monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo onse ankalunjika kwa Dainess. Amayi a chigwirizano, aphunzitsi anzake, madikoni, abusa, ngakhale nkhalamba zimene zinkati mtsikana wowerenga kwambiri sakwatiwa.

"Pepa, mwanawe."

"Pepani, aphunzitsi. Mulungu aliko."

"Ukanatiimirira ku Halale, mwana wathu."

Kumtengo wa bulugamu sikunapite munthu. Ena ankayang'anako n'kubweza maso msanga. Ena ankazungulira kutali ngati pali njuchi. Amene dzulo ankapempha a Miti kuti awalembere makalata a ku Joni, lero anali otanganidwa ndi zingwe za nsapato.

Dainess ankagwira manja, koma mutu wake, monga mwa chizolowezi chake, unali ukuwerenga. Manja okhakhala a alimi, manja ofewa a abusa, timanja tozizira ta ana a Sitandade 2. Mzere unatha. Anayang'ana bwalo lonse, nazindikira kuti wagwirana chanza ndi munthu aliyense amene anali pamenepo, kupatula mmodzi. Ndipo mmodziyo anali asanagwirane ndi aliyense.

Funso lachisanu linali litaima pabwalo la tchalitchi, lamoyo, litavala suti yakuda. Wogwira onse ndi wosagwira aliyense sangakhale pa msonkhano umodzi. Chimodzi chinayenera kugwa. Akanatha kutembenuka n'kupita kunyumba, moni wake n'kukhala woperewera munthu mmodzi, lero, mawa, mpaka imvi. Mtima wake unali ndi chifukwa chokwanira, ndipo panalibe akanamudzudzula. Kuseri kwa mapiri sitima ija inali itanyamuka, ndipo inali kupita osatembenuka.

Anayenda kudutsa bwalo. Atafika pansi pa bulugamu anagwada pafumbi lofiira, natambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono.

"Mwadzuka bwanji, atate?"

A Miti anayang'ana dzanja limenelo, la inki m'zikhadabo.

"Dainess, ine sindiyenera."

"Tiyerekeze kuti mukuyenera," anatero Dainess. "Tione ngati chigwe."

Dzanja linatuluka m'thumba.